Zoluka zanga zosagulitsa

Chisanu cha ku Joni chikayamba kuluma chakumapeto kwa Meyi, aliyense wodziwa kuti ndimagwira singano amandikumbukira. Uyu akufuna chipewa, uyo sikafu, winayo juzi ya mwana yofanana ndi yunifolomu ya kusukulu. Zimenezo ndimaluka ndipo ndimalipiritsa osaphethira, chifukwa lendi ya ku Turffontein sidziwa chibale. Wulu wake ndi wa akiliriki, wopangidwa m'fakitale osati ubweya wa nkhosa, wonenepa uja wopezeka paliponse, singano zake zikuluzikulu, moti chipewa chimatha maso ali pa TV. Koma kunsi kwa bedi kuli chikwama china chimene makasitomala sachiona. Mmenemo muli ulusi woonda kwambiri, singano zazing'ono, matchati okwinyika chifukwa chopindidwapindidwa, ndi ntchito zitatu za lesi zimene zikungokwawa, iliyonse ndi mavuto akeake.

Lesi imene ndikunenayi si ija ya pa makina timagula pa mita ku Oriental Plaza yokongoletsera madiresi a ukwati. Si madoilonso aja amayi athu ankakolokosa ndi kasingano ka mbedza n'kuyala pamipando ya pabalaza. Kalukidwe kake ndi ka juzi komweka, ka singano ziwiri, kungoti timabowo mumatisiya mwadala. Mukangokoleka ulusi pa singano osaulowetsa mu sitichi, pamenepo pabadwa kabowo limodzi ndi sitichi yatsopano. Kuti masitichi asachuluke, penapake mumzere womwewo mumagwira awiri n'kuwalukira pamodzi. Nzeru yonse yathera pomwepo, kuwonjezera apa, kuchotsera apo. Pamene mwaika kabowo, ndi mbali imene masitichi ophatikizawo apendekera, ndizo zimajambula tsamba, funde, duwa kapena phazi la mphaka. Wodziwa kuluka chipewa manja ali nawo kale. Ambiri chimawagwetsa ndi kuwerenga, chifukwa mukaphonya kabowo kamodzi pa mzere wachitatu, duwa lonse limakhota ndipo mudzaliona muli pa mzere wa khumi.

Kuluka ndinaphunzira kwathu ku Thyolo, kwa amayi aang'ono. Singano zawo zinali masipoko a njinga onola pamwala, wulu anali womasula ku majuzi a pa kaunjika. Ankauzengereza kumsana kwa mpando, kuunyowetsa, n'kumangirira kamwala kuti mapindi aja awongoke. Patani yolemba analibe. Ankangoyang'anitsitsa juzi ya munthu wokhala kutsogolo kwawo m'tchalitchi, ulaliki uli m'kati, pofika Loweruka lotsatira yathu yatuluka, yofanana ndendende. Nthawi ya chiperoni ana a pamudzi pathu tinkadziwika ndi majuzi a mitundu isanu, mkono wina wobiriwira wina wofiira. Lesi ndiye ndinaidziwira kuno, pa foni. YouTube inandionetsa kagwiridwe, ndipo pa Ravelry, tsamba la pa intaneti la oluka lomwe linayamba mu 2007, ndinapezapo mapatani ochuluka oti moyo umodzi sungathe kuwaluka. Chimene chinandimasula ndi tchati. Kabokosi kalikonse ndi sitichi imodzi, kozungulira ndiko kabowo, kamzere kopendeka ndiko kuphatikiza. Olo tchaticho achijambule ku Japan kapena ku Estonia, mukadziwa zizindikiro zake mumawerenga popanda womasulira.

Ntchito yoyamba ndi shawelo yoyera ya khanda. Mwini wake sanabadwe, ndiye sinditchula zambiri, mukudziwa kuti kwathu za m'mimba sitiimbira ng'oma. Achemwali anga a ku Bvumbwe anangondinong'oneza pa foni kuti pakhomo pawo pali woyembekezera, ine n'kumva. Ndikuiluka m'kalukidwe ka ku Shetland, tizilumba tozizira ta kumpoto kwa Scotland, kumene shawelo yamtunduwu amaitcha hap. Pakati pake ndi pa makona anayi, polukidwa wamba popanda chokongoletsa. Kuzungulira pamenepo pamabwera mafunde a patani yotchedwa Old Shale, kenako mphonje ya mano m'mphepete. Old Shale ndi yokoma mtima kwa ophunzira. Gulu lililonse ndi masitichi 18, momwe muli timabowo 6 ndi kuphatikiza ka 6, ndipo pa mizere inayi umodzi wokha ndiwo wofuna mutu. Timabowo tikaunjikana malo amodzi nsalu imakwera, pophatikiza paja imatsika, funde n'kuoneka lokha.

Mkangano unabuka pa nkhani ya ulusi. Ine mtima unali pa merino, ubweya wa nkhosa za dzina lomwelo, woonda wa lesi, uja wa mamita 800 pa magalamu 100, wofewa woti khanda silingamve kuyabwa. Achemwali atamva anaseka chikhakhali. “Achemwali, mwaiwala kwanu kodi? Imeneyo ikachapidwa ndi sopo wamtanda pa mjigo, aipikiche, aifinye, aiyanike padzuwa. Mwana akabwezapo mkaka palibe amene adzayambe wawerenga kapepala kanu.” Ankanena zoona. Ubweya wa nkhosa uli ndi timamba tosaoneka ndi maso, ndipo ukakumana ndi madzi otentha, sopo ndi kupikicha, timambato timakolana osamasukanso. Shawelo yofunda mwana imasanduka kachiguduli kolimba kongokwana pa mphika. Iwo ankafuna ndigule akiliriki basi, monga zilili mashawelo a m'sitolo. Ine akiliriki sindimunyoza. Alipo oluka ena kuno, a m'magulu okumana m'malo omwera khofi kumpoto kwa mzindawu, amene amakwinya mphuno akamva dzinalo, koma amenewo sanachapepo matewera ndi manja m'mawa wa Juni. Vuto langa ndi moto. Khanda la kwathu limakulira pafupi ndi mbaula, ndipo akiliriki akakhudza khala amasungunuka n'kumatirira pakhungu, pamene ubweya umangopserera n'kuzima. Tinakumana pakati. Ndinagula merino wokhuthalako, wa 4-ply, wamtundu wa superwash, womwe timamba tija anatisalaza kufakitale kuti tisakolane pochapa. Timabowo sitituluka tosalala monga ndinkafunira, koma shaweloyo idzafika kwa mwana wachiwiri.

Pakati pa shawelo paja ndinalukira m'takisi ndi pa mzere wodikira takisi ku Bree, chifukwa sipafuna kuganiza. Chachikulu n'kupewa mpando wakutsogolo. Wokhala pafupi ndi dalaivala ndiye amalandira ndalama za anthu onse n'kubweza chenji, ndipo simungawerenge marandi a anthu 15 singano zili m'manja. Pano ndili pa mafunde, pomwe kuzungulira kamodzi kwadutsa masitichi 600, ntchito yonse italendewera pa singano ya chingwe. Ikubwera mphonje, imene imalukidwa cham'mbali, timizere tifupitifupi, mizere iwiri iliyonse n'kudya sitichi imodzi yokha ya shawelo. Amene analukapo akudziwa kuti pamenepa ndi pomwe mashawelo ambiri amagonera m'kabati chaka chathunthu. Yangayi ilibe mwayi wogona. Iyenera kukwera basi pa Park Station, idutse Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza mwini wake asanafike.

Alamu anga, ang'ono awo a bambo a kunyumba, ndi telala ku Mayfair ndipo chilichonse amachiona ndi diso la malonda. Atapeza shawelo ina imene ndinali nditamaliza itayalidwa pabedi anaizungulira kawiri, n'kufunsa funso limene Mmalawi aliyense wa ku Joni amafunsa: “Alamu, imeneyi mugulitsa zingati?” Nditati siyogulitsa anaganiza kuti ndikukweza mtengo. Ndiye tinakhala pansi ndi cholembera. Mu 2025 malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi boma kuno anali R28.79 pa ola. Tingoyerekeza kuti shawelo yaikulu yadya maola 100, ndipo yovuta imadya oposa pamenepo. Ndiye kuti R2,879, ulusi tisanauwerengere. “Ndani angapereke ndalama imeneyo pa nsalu yobookabooka?” anatero alamu, “pamene bulangete la ku China Mall ndi lotchipa, lofunda banja lonse.” Palibe, ndinavomera. “Nanga mukuvutikiranji?”

Funsoli si lachipongwe, ndipo amene anayambitsa luso limeneli akanalimvetsa kuposa ine. Amayi a ku Shetland sankaluka lesi pofuna kupumitsa maganizo. Amuna ali kunyanja kopha nsomba, iwo ankazula ndi manja ubweya wofewetsetsa wa m'khosi mwa nkhosa, kuupota woonda zedi, n'kuluka mashawelo aakulu oti amadutsa mu mphete ya ukwati. Otchuka kwambiri anali a pa chilumba cha Unst. Ovala ake anali akazi a anthu olemera a ku London ndi Edinburgh, m'masiku a Mfumukazi Victoria. Olukawo kawirikawiri ndalama sankaiona. Eni masitolo ankawalipira ndi katundu wa m'sitolo momwemo, tiyi ndi nsalu, moti mayi wofuna ndalama kapena chakudya ankachita kukagulitsanso tiyiyo kwa anansi pa mtengo wotsika. Mu 1872 boma la Britain linachititsa kafukufuku ku Shetland pa mchitidwe umenewu, ndipo amayi oluka anapereka umboni wawo. Ku Orenburg, ku Russia, amayi ankapesa ubweya wam'kati wa mbuzi n'kuluka mashawelo odutsanso mu mphete, nawonso pofuna chodyera. Ndikamaluka mapatani awo sindidzinamiza kuti tikufanana. Iwo analibe ufulu wokana kugulitsa. Ine ndili nawo, wochepa chabe, ndipo ndi umene ndikuuteteza.

Pajatu ola la Mmalawi wa ku Joni lili ndi eni ake ambiri. Masana ndi a bwana, kwa ine ndi a makatani amene ndimasoka ku Fordsburg. Kumapeto kwa mwezi ndi kwa landilodi. Zotsala zili kale ndi mayina: fizi ya wa Fomu 3, feteleza wa Novembala, malata, chopepesa cha maliro, mankhwala a amayi. Ngakhale Lamlungu masana ambiri a ife tili pa ganyu, wina akuluka tsitsi, wina akukazinga mandasi, ine zipewa zija. Sindidandaula, n'zimene tinadzera. Koma munthu ukakhalitsa m'moyo umenewu umayamba kuona manja ako ngati makina a Mukuru, ongolandira uku n'kutumiza uko. Lesi ndi ntchito yokhayo imene ndikaigwira palibe akundidikira. Olo shawelo ya khanda ija, imene ili ndi tsiku lake, ndinasankha ndekha kuti ikhale yovuta chonchi. Alamu sanakhutire. Anachoka akupukusa mutu, akuti ndikanaika maola amenewo pa masiketi a sukulu bwenzi pano ndili ndi poloti ku Chileka.

Ntchito yachiwiri ndiyo yanga yeniyeni, ndipo ndi imene imandilanga. Ndi mpango wautali wa mohair wosakaniza ndi silika, mtundu wake wa maluwa a jakaranda. Ndisanayambe kuluka lesi sindinkadziwa kuti dziko tikukhalali limatulutsa pafupifupi theka la mohair yense wa pa dziko lapansi. Ndi ubweya wa mbuzi za Angora zimene amaweta ku Karoo, ku Eastern Cape, madera a Jansenville ndi Graaff-Reinet, ndipo msika wake waukulu uli ku Gqeberha, komwe kale tinkati Port Elizabeth. Mbuzizi zinafika kuno mu 1838 kuchokera ku Turkey. Mbiri yake imati zinali zamphongo 12 ndi yaikazi imodzi, koma zamphongozo anali atazifula kuti mtundu usafalikire kunja. Chimene ogulitsawo sanadziwe n'chakuti yaikaziyo inali ndi bere, ndipo inaswa katonde ali pa ulendo. Amazimeta kawiri pa chaka, ndipo ubweya wofewetsetsa ndi wa timbuzi tating'ono, wometa koyamba. Nkhosa za merino nazo zili ndi mbiri yaitali kuno. Zinafika ku Cape mu 1789 m'manja mwa Robert Jacob Gordon, mkulu wa asilikali a Adatchi kumeneko, ndipo zina mwa zoyamba kupita ku Australia zinachokera m'khola lomwelo.

Chondipweteka n'chakuti mohair wambiri amachoka kuno asanapotedwe, kupita ku Italy ndi ku China. Wina amakapotedwa kumeneko limodzi ndi silika n'kubwereranso kuno ali kampira ka magalamu 25, ka mamita 200 ndi pang'ono, pa mtengo woti munthu umayamba wayang'ana uku ndi uku usanatulutse kachikwama. Alipo opota ndi onyika a konkuno, ku Gqeberha ndi ku Cape Town, ndipo ndikapeza wawo ndimagula wawo. Komabe m'misewu ya Rosettenville mungayende tsiku lonse la Julayi osakumana ndi munthu wovala ubweya wa mbuzi za m'dziko lomwe lino. Tonse tili mu akiliriki.

Patani ya mpangowu ndi ya ku Haapsalu, tauni ya m'mphepete mwa nyanja ku Estonia. Kuyambira mu 1825 kumeneko kunatsegulidwa malo ochizira anthu ndi matope a m'nyanja, olemera a ku Russia n'kumakhamukirako nthawi yotentha, amayi a m'tauniyo n'kumawagulitsa mashawelo amene analuka m'nyengo yozizira. Chizindikiro chawo ndi timfundo totchedwa nupp. Mu sitichi imodzi mumalowa ndi kutuluka mpaka mutapanga masitichi 7, ena amafika 9, ndipo pa mzere wobwerera mumawagwira onsewo n'kuwaluka ngati imodzi. Pamatuluka kanjere kotupa, ndipo tinjere timeneti tikandandalikana m'mbali mwa kanthambi timajambula maluwa a lily of the valley. Amati timfundoti tinali umboni woti shawelo ndi ya manja chifukwa makina sankatha kutipanga, komanso tinkawonjezera kulemera kwa katundu wogulitsidwa pa sikelo. Amayi amenewo anali ochenjera pa malonda, alamu anga akanagwirizana nawo.

Amayi a ku Haapsalu ankaluka ndi ubweya wa nkhosa wosalala. Ine ndinafuna mohair chifukwa cha kaubweya kake kowuluka kaja, ndipo walira mvula walira matope. Kulowetsa singano m'masitichi 7 a ulusi waubweya nthawi imodzi kumafuna kuti muwasiye olekerera kwambiri pa mzere woyamba, apo ayi mutuluka thukuta. Ena amathandizira ndi kasingano ka mbedza, ine ndimatero ndikatopa. Choopsa china, mohair sabwerera m'mbuyo. Ulusi wina uliwonse mukalakwitsa mumangosolola singano n'kukoka. Uyu tiubweya take timagwirana, mukakoka mwamphamvu amaduka. Oluka anzanga anandiphunzitsa kuika ntchito yonse m'pepala la pulasitiki n'kuiponya mufiriza kwa kanthawi, ikazizira imamasuka mosavutirapo. Bambo a kunyumba anaipezamo tsiku lina pafupi ndi mapazi a nkhuku, anangotseka chitseko osafunsa kanthu. Njira yodzitetezera ndi kupisa ulusi wina wosalala, wa thonje kapena uja wotsukira m'mano, m'masitichi onse a mzere umene mwatsimikiza kuti uli bwino. Zikasokonekera kutsogolo mumamasula mpaka pamenepo, masitichi onse ali phee pa ulusi uja kukudikirani. Ndimapisa pakutha pa duwa lililonse.

Mpangowu sutuluka m'nyumba ndipo sulola macheza. Umafuna kuwala kwa masana, pawindo, Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi. Zaka zija magetsi ankazima mosinthanasinthana ndinagula tochi ya pamphumi, koma timfundo ta mtundu wa jakaranda usiku sitioneka, maso amangotuluka misozi. Anzanga amandifunsa ngati chinthu chobooka chotere chingafunditse munthu. Chimafunditsa modabwitsa. Kaubweya kaja kamatseka timabowo n'kusunga mpweya wofunda, kulemera kulibe. Joni ali pamtunda wa mamita oposa 1,700, chisanu chake n'chouma, cholowa m'mafupa m'mawa dzuwa lisanakwere. Pa 10 Julayi 2023, tsiku lija kunagwa chipale chofewa anthu n'kutuluka m'maofesi kukajambula, ine m'khosi munali kasikafu ka mohair kopepuka koti mungakapinde kulowa m'thumba la jekete, ndipo sindinanjenjemere.

Pali gawo limodzi limene ndimalilakalaka pa ntchito iliyonse, ndilo kutambasula. Lesi ikamachoka pa singano siyosangalatsa m'maso. Imakhala yofota, yokwinyika, ngati chinkhupule chimene chatha ntchito. Woiona pamenepo amakumverani chisoni. Ndiye mumaiviika m'madzi ofunda pang'ono okhala ndi kasopo kofewa kwa mphindi 20, osapikicha. Mukaivuula osaipotokola, mumaikulunga m'thawulo n'kupondaponda kuti madzi atuluke. Kenako mumapisa ulusi wolimba m'mphepete monse, ena amagwiritsa ntchito mawaya opangira zomwezo, n'kuyamba kukoka. Koyamba mtima umagunda chifukwa mumakoka mpaka kuganiza kuti iduka. Siduka. Dzino lililonse la mphonje limalandira pini yakeyake, mapini osachita dzimbiri, apo ayi shawelo yoyera idzatuluka ndi madontho ofiira osachoka. Mukamakhoma, timabowo timatseguka kamodzikamodzi, masamba n'kuima, mafunde n'kugona m'malo mwake, nsalu n'kukula kuposa mmene munkaganizira. Ubweya ukauma uli chitambasukire umasunga maonekedwe amenewo mpaka mudzauchapenso. Akiliriki satero, amabwerera pomwe anali pokhapokha mumuthire nthunzi ya ayironi, ndipo mukatero wafa, sadzakhalanso ndi mphamvu yodzikoka. Ku Shetland ndi ku Haapsalu ali ndi mafelemu a matabwa opangira ntchito imeneyi. Ine ndili ndi chipinda chimodzi ndi bedi limodzi. Ndimayala pulasitiki ndi shiti pa matiresi m'mamawa, n'kukhoma mapini m'matiresi momwemo. Mwayi wake mpweya wa kuno nthawi yozizira ndi wouma kwambiri, pofika madzulo zauma gwa. Tsiku likakhala la mitambo bambo a kunyumba amadikira pa mpando akuodzera, ndipo asanagone amayamba asisita matiresi ndi dzanja kusaka mapini otsala. Panja sindiyanika, makamaka mu Ogasiti, pamene mphepo imanyamula fumbi la milu ya ku migodi n'kulimwaza kum'mwera konse kuno.

Yachitatu ndi nsalu yozungulira ya pa tebulo, ya thonje loyera, imene ndinalonjeza amayi a Mvano kuti idzayalidwe pa tebulo la kutsogolo. Kalukidwe kake ndi ka Chijeremani, ka mtundu umene anatchuka nawo Herbert Niebling, maluwa akuluakulu otuluka pakati kupita m'mphepete. Imayamba ndi masitichi 8 okha pa singano zosongoka mbali zonse, zimene zimagwa paliponse mpaka ntchito itakulako. Thonje silitamuka, limapweteka zala, ndipo nsaluyi yaima pa duwa lachiwiri. Amayi a cheya akandifunsa ndimati ikubwera. Ikadzatha idzafuna sitachi. Madzi a shuga amene ena amaumitsira madoilo ndimawakana, amaitana nyerere.

Chimene chikundibera nthawi masiku ano ndi kupota. Ndinapanga kopotera ndi kamtengo, ka wilo ka galimoto ya ana ndi kambedza ka waya, n'kugula ubweya wa merino wopesa kale. Mumazunguza kamtengo, kakulendewera, zala zikusolola ubweya pang'onopang'ono, kupotako n'kumakwera kokha. Ulusi wanga ukadali wonenepa apa woonda apo, woyenera chipewa, wa lesi ukadali kutali. Bambo a kunyumba, amene kwawo ndi ku Chikwawa, ankaseka kuti ndabwerera ku zamakedzana. Ndinawakumbutsa kuti zamakedzanazo n'zawo. David Livingstone atakwera Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, kulipota ndi kuwomba nsalu m'midzi, ndipo opota ndi owomba ambiri anali amuna. Nsalu za m'mafakitale a kunja zitadzaza misika luso lija linazilala, moti lero thonje la ku Chikwawa, Balaka ndi Salima timangolidziwa pa sikelo ya ogula. Zoti singano ndi ulusi n'za akazi okha si za makolo ayi. Ngakhale kuno, gulu la 67 Blankets for Nelson Mandela Day, limene anayambitsa Carolyn Steyn atapatsidwa chintchitocho ndi Zelda la Grange, yemwe anali mlembi wa Mandela, kumapeto kwa 2013, linafika mpaka m'ndende, amuna akuluakulu n'kumaluka mabulangete a anthu osowa. Bambowo anangoti mbiri ndaimva, koma kamtengoko sanakakhudze. Chimene ndikufunitsitsa ndi kudzapota thonje la kwathu. N'lovuta kuposa ubweya chifukwa tiulusi take n'tatifupi, limafuna kopotera kopepuka kozungulira mwaliwiro, kotsamira m'kambale m'malo molendewera.

Kupota kunabweretsa kunyika. Ubweya woyera ndi wotchipirapo, ndipo utoto wina uli m'khitchini momwemu. Makoko ouma a anyezi amapereka chikasu chopita ku golide. Tiyi wa rooibos amapereka mtundu wa dothi lofiirira. Chimene chinandidabwitsa ndi nthanga ndi makoko a mapeyala: mukaziwiritsa pamoto wochepa madzi amafiira, ubweya n'kutuluka wa pinki wofatsa. Kuti mtundu ugwire bwino, ubweya mumayamba mwauphika m'madzi a alum, mwala woyera uja umapezeka m'masitolo a zokometsera za Amwenye ku Fordsburg, ngakhale mapeyala amagwira okha popanda thandizo. Moto ukhale wochepa, osatakasa, ndipo muusiye uzizire mumphika momwemo, chifukwa kuuchotsa m'madzi otentha n'kuuponya m'ozizira ndi kuitana kukolana kuja. Mphika wake ukhale wakewake, wosaphikiranso ndiwo. Zonse zikauma ndimazitsekera m'mapepala a zipi, poti njenjete sizidya akiliriki koma merino ndi mohair zimachita ngati zaitanidwa ku ukwati.

Vuto la anyezi n'lakuti pamafunika makoko ambiri, oposa amene banja la anthu awiri lingasende. Ndiye ndinapangana ndi mayi wina wa ku Ntcheu wogulitsa tomato ndi anyezi pa kona ya msewu wathu kuti azindisungira zotsalira pansi pa thumba, pamodzi ndi nthanga za mapeyala oola. Ndinawafotokozera bwinobwino kuti n'zonyikira ulusi, mpaka ndinawaonetsa kampira kachikasu. Anagwedeza mutu mwaulemu, koma sanakhulupirire. Loweruka lapitali pondipatsa jumbo ya makoko anandikokera pambali n'kutsitsa mawu: “Asisi, musandibise, inenso BP ikundivuta. Mumamwa makapu angati pa tsiku?”